Mphunzitsi wa Cingerezi pa Ulendo wa ku Zanzibar

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, eni dziko amene anali atatsiriza maphunziro a pa yunivesite anali pafupifupi 100 cabe. Boma latsopano linafulumira kumanga masukulu a sekondale m'maboma ambiri, kotero kuti nyumba zophunziriramo zinamera msanga kuposa aphunzitsi oimamo. Kamba ka ici, kwa zaka zoposa khumi ana ambiri a kumidzi anaphunzitsidwa ndi alendo, ena a ku India, ena a ku Ghana, ndi ena ambiri a ku Britain. Pakati pa a ku Britain panali anyamata ndi atsikana ongotuluka kumene m'makoleji, otumidwa ndi bungwe la Voluntary Service Overseas limene linayamba mu 1958. Malipiro ao anali ocepa, koma masukulu akatsekera analibe munda wolima kapena maliro opitako, motero ambiri anali kumanga kathumba ndi kupita kukaona maiko oyandikana nao.

Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa zaka 23 wa kumpoto kwa England, amene mu 1977 anali kuphunzitsa Cingerezi m'Fomu 2 ndi Fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko m'Cigawo ca Kum'mawa. Pa sukulu imeneyo panali lamulo limene makolo ambiri a lero akali kulikumbukira bwino: mwana wogwidwa akulankhula citundu ca kwao anali kupatsidwa cikwakwa kuti akacheche udzu. Usana mnyamatayu anali kusunga lamulolo monga anzace onse. Koma madzulo anali kukaotha moto kwa mlonda wa pasukulu, mkulu wina amene anamenya nao nkhondo ya Hitler m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, gulu limene asilikali ace anali kulamulidwa m'Cinyanja. Pa moto umenewo mphunzitsi ndiye anali mwana wa sukulu. Anaphunzira kupereka moni, kuwerenga kufika khumi, ndi maina a zakudya ndi a nyama. Lilime lace linali lolemera ndithu, ndipo liu loti ng'ombe linamkanika kufikira tsiku locoka m'dziko muno.

Chuthi ca August citafika, anakwera basi ya UBZ kulinga ku Lusaka. Mseu wa Great East suyenera kufotokozedwa kwa anthu a kum'mawa. Amadziwa zitunda za ku Nyimba ndi Kacholola, amadziwa kutentha kumene kumalandira munthu potsikira ku Luangwa, ndi nsomba zouma zimene amai amagulitsa pafupi ndi ulalo waukulu uja wa mu 1968. Kucokera ku Lusaka anapitirira makilomita ena pafupifupi 200 kufika ku Kapiri Mposhi, kumene kumayambira njanji ya TAZARA.

Njanji imeneyi inali ikali yatsopano, ndipo yense woikwera masiku amenewo anali kukwera ndi mtima wonyada. Azungu a ku Rhodesia atadzitengera ulamuliro pa 11 November 1965, Zambia inatsala ngati munthu amene njira yace ya kudambo ipita pakhomo pa mdani. Mkuwa wace unali kutulukira kum'mwera, mafuta ndi makina zinali kulowera komweko. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anafuna njira ina ya kunyanja yodzera ku Tanzania, koma maiko a Azungu ndi World Bank anakana kuikapo ndalama, nati nchitoyo siidzabweza phindu. Dziko la China ndilo linabvomera. Cipangano cinasainidwa mu 1967, nchito inayamba mu October 1970, ndipo mu 1975 njanji ya makilomita 1,860 inafika pa Kapiri Mposhi, yomangidwa ndi ngongole yopanda ciongola dzanja. Pakati pa zaka zimenezo, mu January 1973, a Ian Smith anatseka malire a pa Zambezi, ndipo amene anali kukaika phindu la njanjiyo analeka kukaika.

M'cipinda ca sitima mphunzitsi uja anapezana ndi anyamata awiri, wina Mlozi wopita kukaphunzira nchito ya njanji ku Mpika, wina kalaliki wa Cibemba wobwerera ku Kasama. Mlozi sanali kumva Cibemba, Mbemba sanali kumva Cilozi, ndipo Cinyanja ca mlendo cinangowaseketsa. Anaceza usiku wonse m'Cingerezi: za mpira, za mtengo wa ufa, za nkhondo ya ku Rhodesia. Mphunzitsiyo anagona wokondwa, pakuti anaona ndi maso ace cimene Boma linaganiza mu 1966, a John Mwanakatwe ali Nduna ya Maphunziro, pamene linalamula kuti ana aziphunzira zonse m'Cingerezi kuyambira m'Giredi 1. Dziko la mitundu yoposa 70 linafuna cinenero cimodzi cosakhala ca mtundu uli wonse, kuti wina asadandaule kuti mnzace wamkwera pamutu. Maganizo amenewo sanali opusa, ndipo m'cipinda cimene cija anali kugwira nchito bwino lomwe.

Koma sitima ili ndi mazenera. Pa masitesheni a Serenje, Mpika ndi Kasama amai anali kuthamanga m'mbali mwa sitima ndi mabeseni a mbatata, cinangwa cooca ndi nthoci, ndipo pakati pao wolankhula Cingerezi anali wosowa. Cinenero cimene cinagwirizanitsa anyamata atatu a m'cipinda cinali ca anthu amene anafika kutali ndi sukulu, ndipo otero anali ocepa. Ana ambiri a amai aja anali kuyamba Giredi 1 ndi kumva mau acilendo kuyambira m'mawa kufika poweruka, nabwereza pakamwa zimene mutu sunagwire.

Pakati pa Mpika ndi Kasama sitima imaoloka mtsinje wa Chambeshi. Mpamene pafupi ndi mtsinje umenewu mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva mu November 1918 kuti nkhondo yaikulu yoyamba yatha ku Ulaya, napita kukapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Ulalo wa njanji umene mphunzitsiyo anaolokapo unakhala zaka ziwiri zokha pambuyo pace: mu October 1979 asilikali a ku Rhodesia anauphulitsa ndi mabomba, ndipo unacita kumangidwanso.

Pa Nakonde ndi Tunduma, matauni awiri okumbatirana pa malire, anadinditsa pasipoti nasintha makwaca kukhala masilingi. Dera limeneli, pakati pa nyanja ya Tanganyika ndi ya Malawi, si lacilendo m'mbiri ya Angoni. Nkumeneko Zwangendaba anafera m'zaka za m'ma 1840, atatsogolera anthu ace kucokera kum'mwera ndi kuoloka Zambezi mu 1835. Iye atafa mtundu unagawikana: Mpezeni anabwerera kum'mwera mpaka anakhazikika ku dera la Chipata, ndipo ena anakafika ku Songea m'dziko la Tanzania, kumene zidzukulu zao zikali kuchedwa Angoni. Mtunda umene anthu aja anayenda ndi ng'ombe kwa zaka zambiri, sitima inali kuudya m'maola owerengeka.

Kungopitirira malire, Cingerezi cinayamba kuzilala ngati moto wa mapesi. Wocheka matikiti, wogulitsa tiyi, msilikali wa pakhomo, onse anali kulankhula Ciswahili, osati cifukwa cosafika kusukulu, koma cifukwa ndico cinenero ca sukulu yao, ca Boma lao ndi ca wailesi yao. Pa Mbeya, tauni yozizira ya pakati pa mapiri, yokwera mamita oposa 1,600, munalowa mphunzitsi wina wa pulaimale, bambo wacikulire wobvala juzi yaubweya. Atamva nchito ya mlendoyo anamgwira dzanja nthawi yaitali namucha Mwalimu, liu limene anthu a kumeneko anali kuchulira nalo Pulezidenti wao yemwe, pakuti a Nyerere anali mphunzitsi asanalowe ndale.

Bamboyo anali ndi Cingerezi cokwanira kukambirana, ndipo nkhani ya aphunzitsi awiri siicedwa kufika pa ana. Anafotokoza kuti kuyambira mu 1967 mwana wa ku Tanzania anali kuphunzira masamu, mbiri ndi zaulimi m'Ciswahili zaka zonse zisanu ndi ziwiri za pulaimale, Cingerezi cili phunziro limodzi cabe pakati pa ena. Mwana wotere pobwera kunyumba anali kutha kuwerengera atate ace cipepala ca feteleza kapena kalata ya ku cipatala. Akulu naonso anali kupita ku makalasi a madzulo, makamaka kuyambira mu 1970, caka cimene Boma linacipatulira maphunziro a akulu. Mlendo anafunsa ngati panalibe bvuto. Bamboyo anaseka nati bvuto linali kudikira pa khomo la sekondale, pakuti kumeneko maphunziro onse anali kutembenukira ku Cingerezi tsiku limodzi, ndipo mwana amene anali woyamba m'kalasi anali kusanduka bubu.

Apa ndi pamene pali fupa la nkhani. Maiko awiriwa anakumana ndi mtsinje umodzimodzi, koma anasiyana pookera. Zambia inaponya mwana m'madzi ali wa zaka zisanu ndi ziwiri, Tanzania inadikira kuti akule. Ndipo Tanzania inali ndi mwai umene Zambia inalibe: Ciswahili cinali citafala kale ndi amalonda, asilikali ndi amishoni, ndipo mitundu ikuluikulu ya kumtunda siinaciope ngati cuma ca mnansi. Ku Zambia kusankha Cibemba kukadakwiyitsa Atonga, kusankha Cinyanja kukadakwiyitsa Alozi. Ncifukwa cace ngakhale m'caka comweco ca 1977, pamene Boma linalengeza za kukonzanso maphunziro, Cingerezi cinasiyidwa pa mpando wace, ngakhale ambiri anali atapempha kuti makalasi oyamba aziphunzitsidwa m'zinenero za makolo. Pempho limenelo linadzamveka mu 2014, pamene zinenero za m'dziko zinalowa m'Giredi 1 kufika 4, adzukulu a ana aja ali kale pa sukulu.

Kucokera pa Makambako njanji imatsika mapiri kulinga ku Mlimba, ndipo apa ndi pamene omanga anakhetsa thukuta loposa. Pa njanji yonse pali maulalo oposa 300 ndi mphanga zobooledwa m'mapiri zoposa 20, ndipo zambiri mwa mphangazo zili pa kacigawo kameneka. Sitima ikalowa m'phiri kumagwa mdima wa bii, ana nafuula. Ikatuluka munthu amapeza kuti ali pamwamba pa cigwa, mitengo ikuoneka pansi ngati ndiwo za m'dimba. Anthu anafera pa nchitoyi, Atanzania, Azambia ndi a ku China. A ku China okha anapitirira 60, ndipo ambiri a iwo manda ao ali pa Gongo la Mboto pafupi ndi Dar es Salaam, kutali ndi makolo ao. Pansi pa mapiri pali cigwa ca Kilombero, dziko la mpunga ndi nzimbe, lotentha ndi la udzudzu. Juzi ija ya ku Mbeya inabvulidwa. Pa Ifakara amai anabweretsa mpunga wophika ndi nsomba, ndipo mphunzitsi anagula mwa kuloza ndi cala.

Pambuyo pace sitima inalowa m'nkhalango ya nyama ya Selous, imene cigawo cace cacikulu cinachedwa Nyerere National Park mu 2019. Unali mwezi wa cilimwe, udzu utapsa, motero nyama zinali poyera: nyamalikiti, mbidzi, njiri zothawa micira ili m'mwamba. Mphunzitsi anayamba kuchula zimene anali kuona m'Cinyanja ca mlonda uja. Atati nyama, anthu a m'cipinda anabvomera kuti nyama. Ataona utsi wa lupsa nati moto, iwo anati moto. Pamenepo panayamba masewera amene anatha ola lathunthu: iye madzi, iwo maji, iye mvula, iwo mvua, iye njira, iwo njia, iye nkhuku, iwo kuku, iye khumi, iwo kumi. Mbuzi, nyoka ndi nyumba zinali cimodzimodzi. Pena zinali kukanika, pakuti mcere iwo amati chumvi, nthoci amati ndizi. Koma anthu amene anakhala cete ndi Mzungu tsiku lonse tsopano anali kulimbirana kumphunzitsa, ndipo mai wina anamgawira capati ca m'nsalu yace.

Ku Dar es Salaam anakhalako masiku atatu. Anaona doko lodzala ndi zombo, kumene mkuwa wa ku Copperbelt unali kudikira ulendo wa ku Ulaya ndi ku Japan. Anaona fano la msilikali wa Ciafirika limene linaimikidwa pakati pa tauni mu 1927, ndi msika waukulu wa Kariakoo, umene dzina lace linacokera ku mau oti Carrier Corps, ndiwo amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ija, nchito imene inatha amuna ambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. M'sitolo ina ya mabuku anapeza cinthu cimene cinamuimitsa: sewero la Shakespeare lochedwa Julius Caesar, limene ana a sekondale ambiri alimbana nalo m'mayeso, lili m'Ciswahili, womasulira ali a Nyerere eni ace, amene analitulutsa koyamba mu 1963. Analigula ngakhale sakadatha kuliwerenga. Anafunanso kupitirira kumpoto kukaona Mombasa, koma malire a Tanzania ndi Kenya anali atatsekedwa mu February caka comweco, maiko awiriwo atayambana, ndipo sanatsegulidwe kufikira 1983. Motero anakwera sitima ya pamadzi kulinga ku cisumbu ca Zanzibar, mtunda wa makilomita ngati 70.

Zanzibar imayamba kumveka m'mphuno isanaoneke bwino. Inali nyengo yokolola karafuu, timaluwa touma tonunkhira timene anthu amathira m'zakudya ndi kuziziritsa nato dzino lowawa, ndipo fungo lace linali ponseponse pa doko. Ngakhale cisumbuci cinagwirizana ndi Tanganyika pa 26 April 1964 kupanga dziko limodzi, mlendo anaonetsanso pasipoti potsika. Tauni yakale ndi yomangidwa ndi miyala ya m'nyanja, nyumba zosanjikana, zitseko zazikulu zosemedwa maluwa ndi zokhomedwa misomali yamkuwa. Tinjira tace ndi topapatiza kotero kuti galimoto silingalowe, ndipo timapindika ngati njira za mbewa. Munthu wozolowera kuyang'ana phiri kapena dzuwa kuti adziwe kumene ali, kumeneko amasokera, pakuti thambo limangooneka kacingwe pamwamba pa madenga.

Mphunzitsi anasokera tsiku loyamba lomwe, ndipo anasokera ndi njala. Sanadziwe kuti mwezi wa Ramadhani, umene Asilamu amasala cakudya ndi madzi kuyambira m'bandakuca kufikira kulowa kwa dzuwa, unali utayamba pakati pa August caka cimeneco. Pa cisumbu cimene pafupifupi anthu onse ndi Asilamu, malo odyera anali otseka. Anayenda uku ndi uku kufunsa m'Cingerezi, anthu namuyankha mwaulemu m'mau amene sanawamve. Dzuwa litapendeka miyendo inalema, nakhala pansi pa khonde lamwala la nyumba ina. Posacedwa kunamveka kuitana kwa ku mzikiti, ndipo tinjira timene tinali zii tinadzala ndi ana onyamula mbale zobvundikira. Pa khonde lomwelo anayala mkeka, panakhala mkulu wina wa ndebvu zoyera ndi ana ace amuna.

Mlendo anaimirira kuti awapatse malo. Mkuluyo anamfunsa kanthu. Cingerezi conse ca m'mutu mwace, ca zaka zitatu za ku yunivesite, cinalibe nchito pa khonde limenelo. Anagwira pamimba nati, "Njala, atate." Mkulu uja anamyang'ana, nabwereza m'cinenero cace kuti njaa, naomba pa mkeka ndi dzanja kuti akhale. Anadya zipatso za tende, phala la tsabola limene iwo amati uji, cinangwa cophika ndi mkaka wa kokonati, ndi nsomba. Atatha anatulutsa ndalama, ndipo apo ndi pamene analakwa: nkhope ya mkuluyo inasintha, nakankha dzanjalo pang'onopang'ono. Mwana wa m'mudzi uli wonse wa kum'mawa akadamuuza kuti mlendo salipira nsima. Anabweza ndalama m'thumba, naomba m'manja mwa Cicewa monga anaonera ku sukulu, ndipo nyumba yonse inaseka. Mnyamata wina anamperekeza kufikira pa nyumba ya alendo, imene inali pafupi kwambiri moti anali ataidutsa kawiri.

M'mawa mwace anapita ku Mkunazini, kumene kuli chalichi cacikulu ca Anglican. Malo amenewo ndiwo anali msika wa akapolo, umene Sultani Barghash anautseka mu 1873 atakakamizidwa ndi Boma la Britain. Pa Khirisimasi ya caka comweco mwala woyamba wa chalichi unaikidwa, ndipo Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira nchito yomanga, anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa mu 1882. Eni malo amati guwalo linaima pamene panali mtengo wokwapulirapo akapolo. Pa cipilala cina pali mtanda waung'ono umene mtengo wace unacokera ku Zambia. Unasemedwa ndi nthambi ya mpundu, umene Acewa amaucha muula, wa kwa Chitambo, pansi pace pamene anakwirira mtima wa David Livingstone mu May 1873. Thupi lace Susi ndi Chuma ndi anzao analinyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, pa gombe loyang'anana ndi cisumbuci. Sitima ija inali itadutsa dera la Serenje, kufupi ndi kwao kwa mtengowo, mphunzitsi ali m'tulo.

Koma cocokera kumtunda pa malo amenewo si mtanda wokha. Anthu ambiri amene anagulitsidwa pa bwalo limenelo anali a m'maiko a kuzungulira nyanja ya Malawi, Anyanja ndi Acewa pakati pao. Anali kugwidwa pa nkhondo kapena kugulidwa ndi nsalu ndi mfuti, kusonkhanitsidwa pa madoko monga Nkhotakota kwa Jumbe, kuolotsedwa nyanja, ndi kuyendetsedwa pansi atasenza minyanga ya njobvu kufikira ku Kilwa. Kumeneko anali kulongedwa m'zombo za mathanga. Ofika amoyo ena anatsala pa cisumbu kulima karafuu yemweyo amene fungo lace limakondweretsa alendo, ena anatumizidwa kutsidya kwa nyanja ya mcere. Pa gombe lonselo anali kuchedwa Wanyasa. Liu lija la njala, limene mnyamata wa ku England analichula pa khonde naseketsa nalo anthu, linali litachulidwapo kale m'tinjira timeneto ndi eni ace, popanda woyala mkeka.

Mmodzi wa anthu otere dzina lace linasungika. Anali Salimini, wocokera ku dera la kufupi ndi Lilongwe wa lero, amene anali kapolo ku dziko la Mombasa. Mu 1853 mmishoni wa Cijeremani, Johannes Rebmann, anamumva akulankhula cinenero cacilendo, nayamba kulemba mau ace limodzi limodzi pamodzi ndi matanthauzo ace m'Cingerezi. Buku limene linatuluka m'nchito imeneyo, Dictionary of the Kiniassa Language, linasindikizidwa mu 1877, Rebmann atafa kale. Ndilo buku loyamba lomasulira mau a Cinyanja, ndipo linalembedwa kutali ndi mudzi uli wonse wa Anyanja, kucokera pakamwa pa munthu wogulidwa. Pamene mphunzitsi uja anabwezedwa ndi malire otseka a Kenya, zinali zitakwana zaka 100 zenizeni cisindikizire bukulo, ndipo ku sukulu yace mwana wolankhula mau a m'menemo anali kupatsidwa cikwakwa.

Masiku otsala anawathera ku gombe. Cimene cinamdabwitsa kumeneko ndi cimene cimadabwitsa munthu ali yense wa kumtunda: nyanja imacoka. Madzi amaphwera kutali ndithu, ngalawa nizitsala zitagona pa mcenga, amai nalowa ndi madengu kukatola nkhono. Patapita maola asanu ndi limodzi madzi amabwerera pamalo pace, ndipo zimatero kawiri pa tsiku, kamba ka mphamvu ya mwezi imene imakoka madzi. Kwao ku England nyanja imateronso, koma iye anali wa m'tauni ya mafakitale, ndipo anali asanakhalepo tsiku lathunthu kuiyang'ana. Anaphunzira kudya m'bandakuca pamodzi ndi eni nyumba ya alendo, ndi kusamwa madzi poyera usana.

Pobwerera sitima inali yodzala ndi amalonda ndi katundu wa ku doko. Pa Nakonde wa kasitomu anatsegula thumba lace napeza karafuu wa m'kapepala, nsalu ziwiri za kanga ndi buku lija. Anafunsa m'Cingerezi kumene anali kupita. Mphunzitsi anayankha m'Cinyanja kuti ali kupita kum'mawa, ku nchito. Mkuluyo anaika colembera pansi, pakuti anali wa ku Katete, ndipo anali atakhala nthawi yaitali pakati pa Anamwanga osamva citundu ca kwao.

"Aphunzitsi, Cinyanja cimeneci anakuphunzitsani ndani?"

"Amalonda a pasukulu, bambo."

Wa kasitomu anaseka mpaka kupukuta misozi, namuuza kuti amalonda ndi ogulitsa zinthu, koma woyang'anira sukulu usiku ndi mlonda, ndipo pomlemekeza amati alonda. Anamchulitsa katatu, mzere wa anthu ukudikira kumbuyo, kenaka anadinda pasipoti.

Kucokera ku Lusaka basi inayenda usiku, ndipo kunaca ali kupitirira Petauke. Inali nyengo yogulitsa cimanga. Pa misika ya NAMBOARD matumba anali ataunjikidwa kutalika ngati nyumba, ndipo m'mbali mwa mseu munali ngolo za ng'ombe zolinga komweko. Pa ngolo ina, pafupi ndi Sinda, anazindikira mnyamata wa m'Fomu 3 ali ndi mkwapulo m'manja, fumbi lili mbuu kumaso, atate ace atakhala pa matumba. Sukulu inali kutsegulira Lolemba, ndipo ndalama ya yunifomu ndi ya basi inali m'matumba amenewo. Mnyamatayo anaona Mzungu pa zenera, nabvula cipewa, basi nipitirira.